Amayi Akudikira Katemera wa Khansa Wochokera ku Joni

Aphungu,

Ndimakhala ku Nkope ndi amayi anga, a Mwanabibi, amene akhala akuwamba nsomba kuyambira utsikana wawo. Chaka chatha anayamba kutsokomola magazi. Tinkati ndi TB, koma madokotala ku Blantyre anawapeza ndi khansa ya m'mapapo, n'kuwayambitsa mankhwala a m'dilipi.

Mankhwalawo amawasanzitsa, ndipo tsitsi lonse linathothoka. Ndiye achimwene anga a Latif, amene ali ku Joni, anatumiza kanema pafoni wonena za katemera wa dendritic cell. Akuti amachiza khansa popanda kusanza. Amayi atamva anati, "Basi, ku Blantyre sindibwererako. Ndidikira jakisoni wa Latif, Insha Allah."

Tsiku lawo lakuchipatala ladutsa. Akupuma movutika, koma ayambanso kuseka ndi zidzukulu. Kodi ndiwalande chiyembekezo chimenechi?

H.S., Nkope

Zikomo a H.S.,

Pepani, mwasenza katundu wolemera. A Latif musawakwiyire, munthu akakhala kutali amagwira chilichonse chimene akuona ngati chingathandize.

Katemerayu alikodi, koma si wa m'botolo woti angakwere basi kuchoka ku Joni. Madokotala amatenga magazi a wodwalayo, n'kupatula maselo ena a chitetezo cha m'thupi, kuwaphunzitsa kuzindikira khansayo, kenaka n'kuwabwezera m'thupi mwake. Pa khansa ya m'mapapo njirayi ikadali pa kafukufuku. Palibe umboni woti imachiza, ndipo sindinamvepo kuti ikuchitika kuno kwathu.

Imbirani a Latif lero, muwafotokozere zimenezi. Amayi anamvera mawu awo, ndiye akhale iwowo owauza kuti abwerere kuchipatala. Mukapita, mukaonetse dokotala kanemayo, amayi amve yankho ndi makutu awo. Mukanenenso za kusanzako, chifukwa mankhwala oletsa kusanza alipo. Kupuma movutikako kusadikire ulendo wa ku Blantyre, apite ku chipatala cha boma chapafupi mawa lomwe.

Akamva zoona zonse n'kukanabe dilipi, thupi ndi lawo. Pemphani chithandizo chochepetsa ululu, ndipo pamalo owambira nsomba asamakhalepo chifukwa cha utsi.

Chenjerani ndi aliyense wolonjeza kuwachiza pafoni. Mantha anu oti kuseka kwawo kutha ndawamva. Mwina adzalira tsiku limene adzamve zoona. Mudzakhale nawo pamphasa, mudzawagwire dzanja. Koma musawasiye akudikira jakisoni amene sakubwera, chifukwa khansayo siikudikira nawo.

Aphungu