Ndulu ya Ng'ona ya Jailosi

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno tikudzuka ndithu, ngakhale alipo ena amene akadakonda tikadagona osadzukanso.

Ndiyambe ndi zokoma. Muli ndi mdzukulu wamkazi. Mlongo wanga Enelesi anachira pachilumba cha Chisi nthawi yokolola, ndipo mwanayo tamutcha dzina lanu, Agata. Makutu ndi anu enieni, koma kukuwa kwake ndi kwa amalume. Mpunga wa m'dimba lanu unacha bwino, mpheta zinangotengapo chakhumi chawo. Denga la khitchini yanu linagwa ndi mvula yoyamba. Digiri ija munkaiyembekeza ndinabwera nayo kuchokera ku Uganda udzu utamera kale pamanda panu, ndipo tsopano ndikuphunzitsa pa sekondale ku Kabula. Pano ndabwera patchuthi.

Mukukumbukira tchuthi changa chomaliza muli moyo, tikupuntha mpunga pabwalo, ine ndikukusimbirani nthano za Agiriki zimene tinkawerenga ku koleji? Ndinakuuzani za mwana wa mfumu amene anawoloka nyanja kukapha chilombo cha thupi la munthu, mutu wa ng'ombe yamphongo, chimene chinkadya ana a kwawo. Chinkakhala m'nyumba ya njira zosokoneza, moti wolowamo sankatulukanso. Mtsikana wa kumeneko anampatsa mpukutu wa ulusi kuti aziumasula polowa, autsate potuluka. Anapha chilombo, anatenga mtsikanayo m'ngalawa, ndipo atafika pachilumba china anamsiya ali m'tulo. Ine ndinkathamangira kukamba za kulimba mtima kwake, chifukwa ndi zimene zinkabwera pamayeso. Inu munaimitsa ndodo nkundifunsa kuti, "Nanga mtsikana wa ulusiyo ankadya chiyani pachilumbapo?" Ndinati ena amanena kuti anakwatiwa ndi mulungu wa mowa. Inu munati, "Wa mowa? Ndiye anavutika kawiri."

Amayi, nthano ija yafika kwathu. Yabwera ndi mfuti.

Ng'ona itakugwirani padooko la Likangala, anthu anakulanditsani koma dzanja lanu lamanja linapita nayo, pamodzi ndi chibangili chanu chamkuwa. Bala limenelo ndilo linakutengani. Mudzi unakhala ndi mantha mpaka m'chisanu, pamene kunabwera mlenje wa zikopa wochokera ku Shire, dzina lake Jailosi. Wamtali, woseka bwino, chipewa chopendeka. Anati aipha, koma njira za m'bango sankazidziwa. Inu mukudziwa mmene bango la nyanja yathu lilili, tinjira tonse n'tofanana, ndipo mphepo ikawomba kanjira kamene unalowera kamatsekeka kumbuyo kwako. Amuna a miono anadwala misana tsiku limenelo. Amene anakwera naye bwato anali Enelesi, amene munamphunzitsa njirazo pokatchera matemba. Pamphambano iliyonse ankamanga mfundo pansonga za bango, ndipo mfundozo ndizo zinawatulutsa.

Anabwera ndi chikopa ndi mutu wa ng'ona yaikulu. Anthu anamunyamula Jailosi pamapewa, amayi a mvano anamfupa nkhuku, anyamata anampekera nyimbo. M'nyimbomo muli chipewa chake, muli mfuti yake, mulinso galu wake. Enelesi mulibe.

Mwambo wa ndulu mukuudziwa. Ng'ona ikaphedwa, ndulu yake imachotsedwa akuluakulu akuona nkukaimiza pakuya, chifukwa kadontho kake m'chakudya kamapha munthu. Jailosi anasendera ng'onayo m'bango momwemo. Atafunsidwa anati, "Ndamiza kale, mtsikanayu waona." Ng'oma zinali zitatentha, palibe anafunsanso. Amalume athu aja, ndikutanthauza achimwene anu a Yohane, anamlola kutenga Enelesi ngati mkazi wake popanda ndi tsiku la kutchalitchi lomwe. Anati mwamuna wotere sadikiritsidwa. Anapita naye ku Chisi kumene ankasaka ng'ona zina. Mimba itayamba kuoneka, mmawa wina Enelesi anadzuka napeza bwato palibe, zikopa palibe, galu palibe.

Kenaka mwana wa amalume wamng'ono uja anatsegula m'mimba namwalira, monga amafera ana kuno chaka chilichonse ndi madzi a m'chithaphwi. Sabata yomweyo Enelesi anali atatumiza matemba owuma kuchokera ku Chisi. Pamenepo mpamene mudzi unakumbukira ndulu. Jailosi sanamkayikire, iye uja ali m'nyimbo. Anthu anati ndulu anasunga ndi mtsikana. Akazi a amalume anaponyera galu matemba otsalawo, anthu nkukhala pansi kumuonerera. Galu anadya, ananyambita pakamwa, anakagona pamthunzi. Iwo anati, "Galu ali ndi mimba ina." Anatumiza mawu ku Chisi kuti Enelesi asapondenso kuno, ndipo mawuwo anafika ndi mbiri yake yomwe. Ngakhale kumeneko anthu anasiya kupala moto pakhomo pake. Pochira anamthandiza mayi mmodzi wosamva.

Agiriki aja ankaika mbiri patsogolo pa zonse, munthu afe koma dzina liziimbidwa. Ndabwereza kuwerenga nthano zawo ndi funso lanu lija m'mutu, ndipo ndapeza kuti wa ulusi sanali yekha. Winanso amene anakatenga chikopa cha nkhosa chagolide anapulumutsidwa ndi mkazi, nadzamtaya atapeza mwana wa mfumu. Koma Agirikiwo sankabisa mapeto. Uja wosiya mtsikana pachilumba anaiwala kutsitsa thanga lakuda la ngalawa yake, chizindikiro cha maliro, bambo ake ataliona anayesa mwana wafa, nadziponya m'nyanja. Milungu yawo inali yankhanza koma sinkagona. Kwathu kuno Jailosi akuti ali ku Lower Shire ndi njinga yatsopano.

Sabata yatha ndinalipira bwato nkupita ku Chisi. Ndinampeza Enelesi akuyanika matemba amene palibe angagule, mwana ali kumbuyo. Waonda, Amayi, mikono ngati bango. Sanalire. Anati, "Achimwene, mwanenepa. Ku Kabula mumadya buledi eti?" Tili m'bwato pobwerera mpamene anandiuza chimene wakhala nacho yekha. Tsiku lija ng'ona itaphedwa, anang'amba yekha mimba yake kufuna chibangili chanu kuti tikaike pamanda. Anapezamo miyala ndi mafupa a mbuzi basi. Jailosi anati, "Khala chete, iwe. Ng'ona ndi ng'ona." Anakhaladi chete kuti asamchotsere ulemu mwamuna wake.

Ndinawauza amalume zimenezi, kuti akazi asamatunge madzi padooko mosasamala. Anandiyang'ana nsapato kaye, kenaka nkhope. Anati, "Mphwanga, ng'ona inafa. Sunamve nyimbo?"

Mtima wanga mukuudziwa, munkati ndinabadwa ndikuthamanga. Ine ndikufuna mtsinje wa Likangala udzakumbidwe ngalande, mpunga uzikololedwa kawiri, mjigo udzakhale pakati pa mudzi kuti mkazi asadzatungenso madzi pakamwa pa chilombo. Ndikanena amati ndikulalikira Chizungu. Ndiye dzulo ndinasiya kulalikira. Ndinauza Enelesi kuti aphike mpunga wa m'dimba lanu ndi nsomba za makumba, mumphika waukulu uja wa pamaliro. Ndinaitana mbumba yonse. Anabweradi, ena ananyamula ndi mphasa zomwe. Ndinakhala pakhonde panu, Enelesi anandigawira ndi dzanja lake, ndinadya mbale yoyamba, ndinapempha yachiwiri. Ndinati, "Tiyeni, chakudya chikuzizira." Palibe anasuntha. Kamwana kena kanatambasula dzanja, mayi ake nkukamenya pachala. Anakhala akundiyang'ana pamimba monga anachitira ndi galu uja, mpaka mthunzi wa mango unafika pankhokwe. Mmodzi anayasamula, ngati munthu amene wamanidwa gule.

Pomaliza amalume anaimirira, anakutumula mphasa yawo, nati, "Ophunzirawa amabaidwa jakisoni kunja kuja. Sizingawagwire."

Ndinafuna kuwaponyera mphika. Munkanena kuti wokana kuona dzuwa usamutsutse, mleke limuwotche, koma amene likumuwotcha pano ndi mwana wanu. Enelesi anatola mbale, mpunga wotsalawo anakathira kudzala, ndipo nkhuku za eni ake anazithamangitsa okha eni akewo kuti zisadye. Akutsuka mphika anandifunsa osanditembenukira, "Achimwene, munyamuka liti?" Ndinati Lolemba, ndikakwere basi ku Songani. Anapala mphikawo nthawi yaitali. Kenaka anati, "Mukamanyamuka mundidzutse. Sindikukakamizani kunditenga ayi. Ndingokuonani mukupita."

Amayi, mundikhululukire za dimba lanu. Enelesi akachoka, akazi a mbumba agawana, ndipo ndaona kale ena akuyeza malire ndi maso. Nyumba yanga ku Kabula ndi chipinda chimodzi kuseri kwa sukulu, ndipo aphunzitsi aakulu sakondwa ndi kulira kwa khanda. Mwina zindichedwetsa pa zimene ndikuthamangira. Zindichedwetse, kuthamanga ndikuwasiyira Agiriki. Lolemba ndimdzutsa, ndipo akadzuka apeza mtolo wake uli pamutu panga, Agata wamng'ono ali m'manja mwanga, kuti pasakhale njira yoti ine ndichoke iye ali m'tulo.

Tsalani mumtendere kumeneko. Dzanja lanu lidakali m'nyanja, koma amene munamphunzitsa kumanga mfundo sindimsiya pachilumba chilichonse. Ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani, wothamanga uja,
Fanuwelo