Alamu Ako Anakwirira Maenje a Eni Ake

Lachinayi, cha m'ma 2 koloko masana.

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndayamba ndi moni. Kodi muli bwanji kumeneko, iwe ndi ana? Nanga msana uja unakusiya, kapena ukuyendabe chowerama ngati wataya singano? Ife kuno tilipo, koma kukhalapo kwake n'kwa mpando, pomwe akuika m'mawa ndi pomwe akupeza madzulo. Zilembo zangazi uzipirire, sukulu ndinangoinunkhiza.

Nkhani ndi ya alamu ako. Mutu uja sunabwerere. Adokotala akuti ndi matenda oiwalitsa a ukalamba, mankhwala ake ndi ongochepetsa. M'mawa amakhala munthu, amamwa tiyi, amandidziwa, mwinanso kundikalipira bwinobwino ngati kale. Koma dzuwa likangopendeka amavala chipewa, kutenga ndodo, n'kuyamba kugwedeza chitseko. Amati akayendere munda kusanade. Ukudziwa wekha kuti zaka zonse zija sanagonepo asanazungulire malire a munda wawo. Nanga kuno munda uli kuti? Tikukhala m'mwamba, nyumba yosanjikiza pa inzake. Ukasuzumira pawindo umangoona khoma ndi makabudula a eni ake ali pachingwe.

Ukawaletsa amalira, kenako amamenya chitseko mpaka a nyumba yapansi kubwera kudzadandaula. Koma ukawatulutsa, akayenda pomwe pali mitengo n'kuona dzuwa likulowa, amabwerako ali phee, amadya, n'kugona mpaka kucha. Adokotala anati tiziyenda nawo madzulo aliwonse. Koyendako sanatiuze.

Mwana wathu uja, Bwana Tayi, amachoka kusanache n'kubwera kutada. Mtengwa nayenso ndi wapantchito. Ndiye woyenda nawo ndine, ndi mawondo angawa olira ngati chitseko chadzimbiri.

Bwana Tayi anafufuza pa foni malo okongola oyendako madzulo, n'kundionetsa zithunzi. Mng'ono wanga, foni ndi yabodza kuposa mkamwini wofunsira mbeta. Tinayamba ndi pamlatho. Pachithunzi madzi anali mbee, koma ife tinapeza madzi akuda onyamula mapepala, fungo lake lochotsa chimfine. Kanjira ka oyenda pansi anakalanda anjinga zamoto. Mmodzi anapululutsa chigongono cha alamu ako n'kutitukwana ife amene.

Tinayesa kupaki. Kumeneko n'kwabwino ndithu, kuli maluwa ndi mipando. Koma mlonda wake amaliza wezulo n'kutseka geti nthawi yomweyo imene dzuwa layamba kufiira, ngati dzuwalo ndi lake. Komanso mpando uliwonse pali mnyamata ndi mtsikana atakolekerana makosi. Alamu ako ankaima pamaso pawo n'kuwafunsa kuti ndi ana a yani, ndiponso ngati kwawo akudziwa kuti ali kuno.

Kenako kaphiri ka kuseri kwa matanki a madzi. Pamwamba pake tauni yonse umaiona, magetsi akuyaka limodzilimodzi ngati ziphaniphani. Alamu ako anavula chipewa n'kumangoyang'ana. Kukwera ndinakwera, koma potsika mawondo anandikana. Ndinakhala pansi pa masitepe, mdima ukubwera, bambo akundikoka dzanja kuti tiye mbuzi zili panja. Anatitsitsa ndi mayi wina wogulitsa nthochi, ine atandikoleka paphewa ngati thumba.

Ndiye tsiku lina ndinapeza malo ndekha, popanda foni. Kuseri kwa pomwetsera mafuta galimoto kuli mpanda wa mitengo yobiriwira, ndipo pena pake panali mpata woti munthu n'kulowa chammbali. Titalowa ndinagwira pakamwa. Udzu wosalala ngati bulangete latsopano, wopita kutali mpaka maso kutopa. Mitengo ikuluikulu, kadziwe kokhala ndi abakha, mchenga woyera apa ndi apo, dzuwa likulowa kuseri kwa zonsezo. Popanda galimoto, popanda masitepe. Ndinati Mulungu wandikumbuka.

Tinkapita madzulo aliwonse anthu atachepa. Alamu ako ankayenda m'mbali mwa mpanda monse, manja kumbuyo, akudandaula kuti mwini munda waukulu chonchi ndi mlesi, wangosiya nthaka yabwino ikumera kapinga. Masiku amenewo ankagona ngati khanda. Tsiku lina mpaka anandiitana ndi dzina lija ankandiitana tili achinyamata. Usaseke.

Pa udzupo panali timaenje tozungulira, kalikonse ndi kambendera kake. Alamu ako anati dzenje lotere likhoza kuthyola mwendo wa mwana wa ng'ombe. Ankatapa mchenga ndi chipewa, kuthira, n'kupondaponda mpaka pasalale. Ine ndinkawagwirira kambenderako. Ndiname chifukwa chiyani? Ndinkaona munthu akugwira ntchito yake mosangalala. Timipira toyera tomwe tinkapeza m'maudzu tinkatola kuti tidzatumizire adzukulu.

Sabata yatha tinagwidwa. Kunabwera kagalimoto kopanda zitseko, muli alonda ndi azibambo a zipewa zoyera. Kani malowo ndi bwalo la gofu. Anthu olemera amabwera kudzamenya timipira tija kuti tilowe m'timaenje timeneto, ndipo amati ndi masewera. Akuti anakhala akusakasaka wowononga maenje awo. Anatikhazika m'kanyumba ka alonda ngati akuba, timipira atatiyala patebulo. Alamu ako, osadziwa kanthu, ankalangiza bambo wina wamimba kuti mvula ikagwa adzalemo chinachake. Tsoka sasimba, bambo ameneyo ndi bwana wa Bwana Tayi kuntchito.

Mwana anabwera thukuta lili kamukamu, tayi ili pambali. Anapepesa manja ali kumbuyo, mawu ake ang'onoang'ono oti sindinawamvepo chibadwire. Kenako anatikweza m'galimoto kubwerera kunyumba. Titafika anatsamira chiwongolero n'kulira. Si mwana woipa, mng'ono wanga, watopa.

Koma mawa lake anabweretsa kalipentala n'kuika loko wina pachitseko, kiyi amapita nayo kuntchito. Akuti sangagwire ntchito mtima uli m'mwamba, kuganiza kuti bambo ake agundidwa kapena amangidwa. Akuti kunja kwa tauni kuli nyumba yosungirako okalamba, kuli anamwino ndi mpanda wautali, ndipo kutha kwa mwezi uno akawasiya kumeneko. Ndinamuuza kuti sanabadwe ndi tayi, anabadwa wamaliseche, ndipo amene akufuna kukamutayayo ndi amene ankamunyamula pakhosi pomuonetsa malire a munda. Anangoti ndanena zoona, koma kiyi sanandipatse. Pakamwa panga paja ukupadziwa, koma loko samva mawu.

Tsopano madzulo timayenda kuchoka pa sofa kukafika pa sinki, n'kubwerera. Ndimawauza kuti apa ndi pamalire, apo ndi pachulu. Samandikhulupirira. Amamenya chitseko mpaka zala kutupa. Dzulo anandiyang'ana nthawi yaitali n'kundifunsa mwaulemu kuti mayi, ndinu a ndani, ndipo ndalakwa chiyani kuti munditsekere muno.

Pempho langa ndi limodzi. Upite kwa achimwene athu aakulu, chifukwa ndi okhawo amene Bwana Tayi amawaopa. Amuimbire foni mwezi usanathe, amuuze atibweze kumudzi tonse awiri. Ndikudziwa kuti chipatala kumeneko chili kutali, ndipo ndi chifukwa chake anatitenga. Ndikudziwanso kuti denga lathu likudontha. Koma kumeneko munthu akatuluka madzulo aliyense amadziwa kuti ndi yani, ndipo akasochera amabwezedwa ndi mwana aliyense. Ngati achimwene alephera, undiuze msanga ndilongedze zovala za anthu awiri. Kunyumba ya okalambako sakapita okha. Akandikana pageti ndikagona pomwepo.

Undiperekere moni kwa alamu anga amuna ako, kwa azakhali ngati makutu akumvabe, kwa ana ako onse ndi adzukulu. Mpongozi wako wamkamwa uja umupatsenso moni, koma za maenjezi asamve, angazifikitse kumsika ine ndisanafike.

Ndine mkulu wako,
Make Tayi.

Ukatha kuwerenga usaipinde n'kuiika pansi pa pilo monga umachitira. Ipititse kwa achimwene lero lomwe, ndipo poti maso awo anafooka, uwawerengere wekha mokweza, osadumpha mzere.