Thumba Lonyowa la Alamu Athu

Matundo, Tete
Novembro 2003

Okondedwa achimwene Ezequiel,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Maputo, inu pamodzi ndi mlamu wanga Lyness ndi ana. Kodi chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Kuno tili moyo. Amayi ku Degue akuyenda opanda ndodo tsopano, bondo lija lawasiya. Ine ndili bwino, ngati munthu amene akuwotchedwa pang'onopang'ono angathe kunena choncho. Chaka chino ngakhale Anyungwe, eni ake dzuwali, akudandaula.

Musadabwe kuti mwini sukulu ya makomputadori akukulemberani pamanja ndi kaneta. Ndikanatha kuimba telefoni, koma ndimakudziwani. Ndikangotchula makina mumayamba kuphunzitsa mpaka kirediti yanga kutha. Papepala simungandidule mawu.

Mukumbukira zimene munandiuza mutatumiza makina atatu aja ndi madisko ake. Munati Linux, pulogalama yoyendetsa makinawo, ilipo yamitundu iwiri. Ina imabwera yosoka kale, munthu amangovala. Inayo imabwera ngati nsalu: akatswiri amakupatsa zolemba zawo, makina ako n'kuziwerenga ndi kudzimangira okha pulogalama iliyonse molingana ndi msinkhu wawo, zimene inu mumati kukompilara. Munati tinavala kaunjika zaka zonse za ku kampu ya othawa nkhondo ku Ntcheu, majekete a anthu onenepa a kutali, ndiye tsopano dziko likumangidwanso tisavalenso kaunjika wa mapulogalama. Munalankhula bwino kwambiri tsiku limenelo moti ndinatsala pang'ono kuimirira ndi kuimba nyimbo ya fuko.

Ndipo mpaka lero sindikuti munanama. Munthu amadziwadi zimene zili m'kati mwa makina ake. Amataya zosafunika, makina okalamba n'kupepukidwa. Palibe amene angabwere mawa kudzakutsekera chitseko. Zonsezi ndinaziphunzira pa benchi yomweyo ya ku Universidadi imene inu munakhalapo ine ndisanafike.

Kungoti telala wanu amasokera m'chipinda chozizira, momwe magetsi sazima. Wanga ali pansi pa malata ku Matundo.

Ndikuuzeni mmene zimakhalira. Ndikawauza makina kuti amange pulogalama yolembera makalata, amayankha kuti imeneyo singabwere popanda amalume ake. Ndikaitana amalumewo, ati akudikira apongozi awo. Apongoziwo ukawafufuza m'madisko anu mulibe, ndiye ndimakwera chapa, timinibasi tathu tija, kuwoloka mlatho kupita m'tauni kukawakoka pa intaneti ya telefoni, imene imayenda ngati maliro. Ndikabwerera ndimapeza magetsi anazima, ndipo zimene makina anali kumanga kuyambira m'mawa ziyambirenso.

Magetsi akatichitira chifundo, dzuwa limalowa ntchito. Kukompilara kumawatuluka thukuta makinawa, achimwene. Ikafika nthawi ya masana amalira, kenako amadzizimitsa okha kuti asapse. Ndinachotsa zitseko za m'mbali mwawo n'kuwaikira ventoinya yanga yokupiza mphepo ya kuchipinda, ine n'kumagona ngati nsomba pathandala. Amodzi anakana pachiyambi pomwe, mutu wawo ndi waung'ono. Achiwiri anaima pakatikati n'kulemba dandaulo lalitali limene mpaka lero ndikuliwerenga. Chiyembekezo chonse chinatsalira pa achitatu.

Zikanakhala za ine ndekha bwenzi tikuseka. Koma nkhaniyi yafika pa mlongo wathu Edite.

Mukudziwa kuti Edite anasiya benchi yake ya kumsika kuti adzaphunzire kwa ine. Kuli bungwe lina lokonza misewu ya m'maboma limene likufuna alembi, ndipo mayeso awo ndi kulemba kalata pa komputadori, kumayambiriro kwa Dezembro. Mwamuna wake Domingos anavomera, koma anapangana kuti aphunzire mpaka mvula. Mvula ikagwa asanakonzeke, akwere naye ku Tsangano kukadzala munda uja anachotsamo mabomba okwirira chaka chatha. Akakonzeka, atsale alembe mayeso, Domingos akapeza aganyu. Sindinaone cholakwika pa pangano limenelo. Ndinawauza onse awiri, ndi pakamwa panga pomwe pano, kuti makina akhala okonzeka mitambo isanayambe n'komwe.

Mwana wa amayi uja wakhala akubwera m'mawa uliwonse, achimwene, atachapa bulauzi. Ndinampatsa teklado, thabwa la zilembo lija, yosalumikiza ku chilichonse, ndipo zala zake zaphunzira malo a zilembo zonse. Amalemba osayang'ana pansi. Koma sanaonepo liwu ngakhale limodzi la iye mwini likutuluka pagalasi. Chimene amaona ndi zilembo zoyera zikuthamanga pagalasi lakuda tsiku lonse. Tsiku lina anandifunsa kuti kodi zikunena chiyani. Ndinamuuza kuti zikuti dikira. Sanaseke.

Domingos akatsitsa mbatatesi zake kumsika ankadutsa kuno masana, kukhala pa kireti pakhomo, n'kumandifunsa kuti alamu, ng'ombe yanuyi ibereka liti, nanga bere lake ndi la njovu? Ine ndinkamuyankha kuti anthu a mbatatesi asamalowerere za sayansi. Tinkasekana choncho. Koma maso ake ankaona. Anazindikira kuti makina amafa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo atafunsa chifukwa chake ndinamuyankha mwachidule kuti amamva kutentha ngati munthu.

Lachinayi lapitali makina achitatu aja anali atatsala pang'ono kumaliza pulogalama yolembera ija. Ndinawoloka kupita m'tauni kukatenga kachidutswa kena kamene kankasowa pa makina achiwiri. Edite anatuluka kukatunga madzi akumwa kwa aneba. Domingos anatsala yekha m'nyumbamo, dzuwa lili pamutu, makina akulira kulira kwawo kuja. Akuti anawakhudza n'kupsa dzanja. Anadziwa kuti akangozima, ntchito ya masiku onse aja yabwerera m'mbuyo, ndipo kumapiri mitambo inali itayamba kale kuda.

Inu mukudziwa zimene munthu wa ku Tsangano amachita katundu akayamba kufota ndi dzuwa la ku Tete. Kabichi wake amafika kumsika ali wobiriwira chifukwa amamufunditsa matumba onyowa njira yonse. Chigubu chake cha madzi chimazizira ndi thumba lonyowa. Anapita ku galimoto yake, kusankha thumba loyera kuposa onse, kuliviika mu ndowa, kulifinya (akulumbira kuti analifinya ndithu), n'kuwafunditsa makina aja bwinobwino ngati mwana wodwala malungo. Makina amene ine ndinawachotsa zitseko.

Anthu a pa kantina yoyandikana nafe akuti anamva kuphulika ngati kwa chikwapu.

Edite atalowa ndi chidebe pamutu anapeza utsi, fungo la lamba wopsa, ndi mwamuna wake ataima ndi thumba likudontha m'manja. Sanakuwe. Anatula chidebe, n'kunena anthu onse akumva kuti bamboyu wakhala akuwerenga mitambo kwa milungu ingapo, tsono waona kuti mvula ikuchedwa, waibweretsa yekha m'thumba. Domingos anati ankafuna kuti makina amalize. Edite anati amalizadi. Anati ngati Domingos ankafuna mkazi wolima akanakwatira khasu. Anamanga nsalu yake n'kukwera chapa ya ku Degue, ndipo kuchokera tsiku limenelo akugona kwa amayi.

Ine nditafika ndinapeza mwamuna wamkulu uja atakhala pansi padothi pakhomo, thumba lili pamiyendo. Ndinali ndi mawu ambiri okonzeka, ena a Chipwitikizi cha kusukulu. Nditamuona nkhope ndinawameza onse.

Ndapita ku Degue kangapo. Ndamuuza Edite kuti munthu wofuna kupha makina amangokoka chingwe, safinya thumba. Ndamuuza kuti amene anati makina amamva kutentha ngati munthu ndine. Akuti ine ndimaseka chilichonse, ndiponso ndimamwa mowa ndi Domingos, ndiye umboni wanga ndi wa m'botolo. Amayi nawo akuti anathawa nkhondo ndi ana atatu, anaona mabanja akutha ndi njala, ndi zipolopolo, ndi akazi a ku kampu, koma banja lotha ndi bokosi la malata aliona kwa ana awo ophunzira.

Loweruka ku Degue kunabwera a Basílio, amalume ake a Domingos, amene ndi ankhoswe a kuchimuna. Anavala jekete padzuwa lonse lija. Anakhala pansi, kulonjera amayi mwaulemu wonse, n'kufunsa kuti ankhoswe a kuchikazi ali kuti. Ndinati ali ku Maputo, koma ine ndilipo. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kunena kuti pepani aphunzitsi, mwini mbuzi imene yadya chimanga sakhala pampando woweruza. Anati adikira mawu a amene anaimira ukwatiwu pachiyambi. Ameneyo ndinu, achimwene. Munaika dzina lanu pa banja limeneli musanaliike pa makina aliwonse.

Mvula yagwa ku Tsangano. Domingos wakwera dzulo, yekha. Asananyamuke anaima pano injini ikulira, osatsika. Sanatchule za ng'ombe. Anati ndimuuze Edite kuti munda adzala yekha, iye atsale alembe mayeso ake, pangano lija alifafaniza. Kenako anati koma ngati mkazi amene wagona naye mphasa imodzi zaka zonsezi akukhulupirira kuti iye angachite dala chinthu chotere, sakudziwa kuti akamaliza kudzala adzatsikira chiyani ku Tete. Mawu oyambawo ndakamuuza Edite. Achiwiriwo ndikuyenda nawo m'thumba, sindikudziwa powatula.

Tsono ndili ndi zopempha.

Za makina, ndikupemphani mutsike pang'ono pa guwa. Njira yanu ndi yabwino kwa amene ali ndi magetsi, mphepo yozizira ndi nthawi yotaya. Kuno zitatu zonsezo zimabwera mwa apo ndi apo. Sindikuti titaye ufulu umene mumaukonda. Zolemba za akatswiri zikhalepo, amene akufuna kusuzumira m'kati asuzumire, inenso dandaulo lija ndidzaliwerenga mpaka kulimvetsa. Koma makina aliwonse a m'dziko losauka magetsi asamadzimangire okha chinthu chimodzimodzi. Mangani kumeneko kamodzi, pa makina anu aakulu a ku ofesi aja, muike zomalizidwa pa disko, ine ndidzangolowetsa. Kuseri kwa pepalali ndalemba mtundu wa makina awiri otsalawa. Mnzanga amene wanyamula kalatayi abwerera kuno sabata yamawa, mumpatse diskoyo. Edite akangoona mawu ake pagalasi kwa masiku ochepa, mayeso aja akhoza. Zala zake ndaziona.

Ndikudziwa kuti muyankha kuti ndikanachita mwakuti, ndikanasintha chakuti, vuto si njira koma woyendetsa. Mwina n'zoona. Mudzandiphunzitse pa Natale, Khrisimasi ikubwerayi, ndidzakhala pansi ndi kope.

Chachikulu ndi ichi. Lamulungu likudzali masana ndidzakhala ku Degue, selula yanga ili yodzaza moto. Imbani. Ndidzampatsa Edite. Inu amakumverani, mwakhala bambo ake kuyambira pamene bambo anatsalira panjira ya ku malire. Musamuuze za ufulu wa mapulogalama. Muuzeni kuti makina aja akanazima tsiku limenelo ngakhale popanda thumba, monga ankachitira masana aliwonse, ndipo kuti mwa ife amuna atatu, inu wosankha njira, ine wolonjeza tsiku, ndi Domingos, ndi mwamuna wakeyo yekha amene anadzuka pampando kuyesa kupulumutsa mayeso ake. Mukatero mulankhulenso ndi a Basílio, adzakhala pomwepo.

Disko ikachedwa, ntchito ina idzapezeka chaka chamawa. Koma munthu uja ali yekha m'munda kumapiri ndi maganizo amene wapita nawo, ndipo abale ake kumeneko sadzasowa chomuuza. Musadikire kuti mumalize kumanga kuti muimbe.

Amayi akupereka moni, ati mwana wamng'onoyo mumuveke zofunda mphepo ya kunyanja ikamawomba. Mundiperekere moni kwa mlamu wanga Lyness, mumuuze awerenge nanu kalatayi, iye adzamva msanga. Ana onse muwagwire mitu m'malo mwanga. Mulungu akusungeni, ndipo akupatseni mawu ochepa Lamulungu.

Ndine mng'ono wanu,
Hilário