Amayi akupempherera mtsikana wa m'buku

Aphungu,

Pepani ndi kalembedwe kanga. Sukulu ndinalekeza sitandade folo, ndipo dzanja langa linazolowera sizasi, osati cholembera. Pomwe ndalakwitsa mukonze, pomwe simukuona bwino mungoganizira.

Ndine telala, ndimasokera pakhonde la nyumba yathu. Ndimakhala ndi amayi anga amene anadwala sitiroko chaka chatha. Dzanja ndi mwendo zinafa mbali imodzi, ndipo atatuluka m'chipatala mtima nawonso unakhala ngati wafa. Ankangogona kuyang'ana kukhoma. Phala ankalawa pang'ono n'kukankha mbale. Ndikawalankhula ankangoti, "Usavutike nane, mwanawe."

Tsiku lina kasitomala anaiwala buku pabenchi, lothothoka chikuto, ndipo sanabwererenso. Ntchito itachepa masana ndinayamba kuliwerenga. Ine sinditha kuwerenga chamumtima, ndimachita kutchula liwu lililonse ndikuloza ndi chala. Ndi nkhani ya mtsikana wantchito ya m'nyumba amene anamuchotsa pomunamizira kuba, ndiye akuyenda kufunafuna mng'ono wake amene anasiyana naye ali ana. Ndili mkati ndinamva mawu kuchipinda: "Kweza mawu iwe. Ndiye anagona kuti?"

Kuyambira pamenepo amayi anasintha. Amati ndiwatulutse pakhonde akhale pafupi ndi makina. Amadya msanga kuti tiyambe. Ndikakakamira pa liwu lovuta amandiseka, amati, "Nkhono ikanafika kale."

Vuto ndi ili. Amayi sanapite kusukulu, ndipo kwa iwo chilichonse chosindikizidwa ndi choona. Nthano amazidziwa, koma amati nthano ndi za pakamwa, munthu wamkulu sangawononge pepala ndi inki kulemba bodza. Ndiye mtsikanayu amamupempherera. Amamutcha "mwana wanga uja". Sabata yatha anandiuza kuti, "Tenga nsalu yabuluu inatsala ija umusokere diresi. Wayenda ndi chovala chimodzi nthawi yonseyi. Olemba bukuli akudziwa kumene ali, titumiza kwa iwowo." Ndinangofunsa za muyeso. Anati, "Ngati iwe uli mtsikana, koma iye ndi woonda." Nsaluyo ndinadula, Aphungu. Ili pamakina.

Achimwene anga ndi aphunzitsi. Amakonda kuwerenga kuposa tonse, koma mabuku a zoona okhaokha, a mbiri yakale, a zaumoyo, a zaulimi. Atamva za diresi anayamba ndi kuseka, kenako anakwiya. Anati, "Bodza ndi bodza ngakhale litavala chikuto. Ukuwapusitsa amayi ngati mwana." Anabweretsa buku la kuthamanga kwa magazi ndi zakudya zoyenera wodwala. Sindikulinyoza, ndi mmene ndinadziwira kuti mchere ndinkachulutsa. Koma nditawawerengera amayi anagona kukamwa kuli yasa, ndipo podzuka anati, "Matenda ndili nawo kale m'thupi, ndiwamvenso m'buku?"

Tsono chondisowetsa mtendere ndi chakuti ndinasuzumira kumapeto. Mtsikanayo amamupeza mng'ono wake, koma posakhalitsa iye mwini amamwalira ndi chifuwa. Adokotala anati amayi tisamawadzidzimutse. Ndikawerenga momwe zilili, nanga magazi akathamanga? Ndikawauza kuti ndi nkhani yopeka, nanga akabwerera kukhoma kuja, n'kumati ndinawachititsa manyazi pamaso pa Mulungu popempherera munthu yemwe kulibe? Ndinaganizanso zopeka mathero angaanga, koma ndilibe mutu wotero, komanso achimwene akhoza kuulula. Panopa ndikuwerenga mochedwa dala, kubwereza masamba, koma amayi ayamba kuzindikira. Dzulo anati, "Apa tinadutsapo kale, ukufuna kundibera?"

Masamba atsala ochepa, ndipo sindikudziwa ngati ndiwauze, ndiwerenge, kapena ndilibise.

M.K., kuseri kwa msika

Achemwali,

Kalata yanu ndaimva yonse, palibe pomwe ndachita kuganizira. Munthu amene wadzutsa mayi ake ndi chala choloza mawu asamadzichepetse choncho.

Auzeni zoona, ndipo muwauze inuyo achimwene asanatero. Koma liwu lakuti bodza lisatuluke pakamwa panu. Sankhani nthawi yoti adya, akhala pansi bwino. Muwauze kuti wolembayo anaona atsikana ambiri antchito akuzunzika, anatenga za uyu ndi za uyo n'kuumba munthu mmodzi, monga momwe inu mumalumikizira zidutswa za nsalu kukhala chovala. Zimenezo amayi azimva, amakuonani mukuchita tsiku ndi tsiku. Muwauzenso kuti mapemphero awo sanagwe pansi. Atsikana otere alipo, mwina mumsewu wanu womwewo. Diresi limalizeni, amayi asankhe okha mtsikana woti amupatse, ndipo abwere adzalandire m'manja mwawo.

Mathero musasinthe, ndipo buku musabise. Mukatha kuwafotokozera, afunseni kuti, "Kutsogoloku kuli zachisoni, tipitirize kapena tilekere pano?" Chidwalireni anthu akhala akuwasankhira chilichonse, chakudya, nthawi yosamba, mbali yogonera. Ichi chokha asankhe eni ake. Mayi wa msinkhu wawo waona maliro ambiri kuposa inu ndi ine. Ine ndikuona kuti chimene chinawatembenuzira kukhoma si misozi, koma kusowa munthu woti azimudera nkhawa, poti aliyense ankadera nkhawa iwo. Komabe ine si dokotala. Mukapita kukatenga mankhwala mufunse anamwino, ndipo tsiku lowerenga masamba omaliza amayi akhale atamwa mankhwala awo, achimwene ali pomwepo.

Ndi achimwenewo musakangane, nawonso ndi chikondi chikuwalankhulitsa. Anthu ena amafuna buku liwauze momwe dziko lilili, ena amafuna liwapatse munthu woti ayende naye. Palibe wopusa pamenepo. Buku lawo lakuthandizani inu kuphika bwino, lanu lathandiza amayi kudya. M'malo mowatsutsa, apatseni ntchito. Afunefune mbiri ya munthu weniweni amene anavutika m'moyo, azibwera kudzawerenga okha pakhondepo. Akadzaona amayi akufunsa mafunso, adzamvetsa popanda inu kuwauza. Nanunso mudzapumako pakhosi.

Chenjezo langa ndi lakuti musadikire bukuli lithe musanapeze lina. Masana oyamba opanda chowerenga ndi amene ndikuwaopa kuposa imfa ya mtsikanayo. Konzekeraninso kuti amayi akhoza kukukwiyirani, mwina osakulankhulani. Musathawe, musalirenso pamaso pawo. Atulutseni pakhonde monga mwa masiku onse, inu muzisoka. Zoti adzafunanso nkhani zopeka atadziwa kuti ndi zopeka, sindingakulonjezeni. Zimenezo adzanena ndi iwo.