Nsomba za m'chitini zagonetsa asilikali

Bambo a Vesna,

"Mimba yanga inaphunzira ku usilikali, ingagaye ndi misomali yomwe." Amatero bambo anu dzulo, uku akunyambita foloko. Lero ndikuthamangira nawo kuchipatala.

Ndi nsomba za m'chitini zija munatsegula Lachisanu. Ndinakuuzani kuti zotsalazo mukhuthulire m'botolo lagalasi, mutseke bwino, muike m'firiji. Inu n'kungovundikira chitinicho ndi kambale, n'kukachisiya pakhonde, ati khonde ndi firiji yaulere. Yaulere mu Januwale, bambo! Chipale chofewa chinasungunuka kalekale, uno ndi Meyi, kunja kukutentha. Mphaka wa aneba athu a Dragica ananunkhiza n'kubwerera, koma apongozi anga anaseteka zonse, mafuta omwe kupukuta ndi buledi.

Mukafika, tayani chitini cha nyemba mwabisa kuseri kwa maluwa chija, musayerekeze kulawa. Vesna mukamutenge kusukulu. Supu ali m'firiji. Firijiyo ndi chinthu choyera chija chili kukhitchini, mwina simunadziwane.

Pepani zolemba zokhotakhota, ndikulemba choimirira. Asilikali athu akhala pamasitepe atakumbatira chidebe, akulira kuti ndiwaitanire wansembe.

Ljubinka