Tadala Anakana Kuthira Mchere

Amayi anga, kaya kukucha bwanji kumene muliko?

Ife kuno tilipo. Kukutentha kwambiri, kutentha kuja munkati mukandiona pa foni ndikupukuta thukuta mumaseka n'kunena kuti, "Dziko lanji lotentha mu Julaye?" Ndakulemberani chifukwa ndasenza uthenga umene mwini wake ndinu. Unayenera kufika kwa inu poyamba, osati kwa ine. Koma ndiyambe ndi zing'onozing'ono, paja munkati mlendo amayamba wamwa madzi asanamasule mtolo.

Mpongozi wanu, mkazi wa Yamikani, anachira bwinobwino. Ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Ndamuona pa chithunzi chokha, koma chipumi ndi chanu ndithu. Mtedza wa m'munda wanu wakumtunda anakumba, koma sunabereke ngati kale. Yamikani akuti mvula inadula msanga ku Mchinji konse. Ine ndikuganiza kuti anachedwa kupalira, koma sindinamuuze, popeza kulamula munda uli kutsidya kwa nyanja n'kosavuta. Kuno bambo ake a Tadala akuyendetsabe mabasi a ophunzira ku College Park, ndipo bondo lija likuwavutabe. Ine ndikadali pa unesi ku Bethesda. Ndinabzala maungu kuseri kwa nyumba kuti tizidyako nkhwani, koma agwape anamaliza onse. Kuno agwape amayenda m'misewu ngati mbuzi za eni, ndipo palibe amene amaloledwa kuwatchera msampha.

Tsopano za mdzukulu wanu. Tadala ali ku kampu.

Musadzidzimuke, si ya asilikali kapena ya othawa nkhondo. Kuno sukulu zikatsekera nyengo yotentha, makolo ena amatumiza ana kumalo akutchire kumene amakakhala milungu ingapo, kugona m'timanyumba tamatabwa, kusambira m'kanyanja, kupalasa mabwato ndi kuphunzira kuphika pamoto. Inde Amayi, anthu amalipira kuti mwana akaphike pa nkhuni. Ndikudziwa kuti mukanaseka mpaka kugwira nthiti. Iyi ndi ya atsikana okhaokha, kumapiri a ku Virginia. Tadala anailirira kuyambira chaka chatha chifukwa anzake a m'kalasi amapita. Ine ndinkakana, mawu anu ali m'khutu: "Mwana wamkazi sagona pakhomo pa eni." Koma kuyambira pa maliro anu, amene iye anaonera pa foni ine nditabwera ndekha, mwanayu anazizira. Ankangodzitsekera m'chipinda. Bambo ake ndiwo anati, "Mayi a Tadala, musiyeni akapumeko mpweya wina." Ndinavomera.

Asanapite kunali msonkhano wa makolo, woti aliyense afunse zimene zikumudetsa nkhawa. Munandiphunzitsa kuti safunsa anadya phula, ndiye ndinafunsa mpaka bambo ake anandikodola ndi chigongono n'kunong'ona kuti, "Siyiraniko anzanu, si inu nokha munabereka." Ndinafunsa amene adzagona ndi anawo. Anati m'kanyumba kalikonse mumagona atsikana akuluakulu awiri ophunzitsidwa ntchitoyo, ndipo mwamuna salowamo. Ndinafunsa za matenda, anati nesi amakhala pompo usana ndi usiku. Ndinafunsa za nkhupakupa, chifukwa za kuno zimapatsa matenda oopsa, anati ana amaonedwa m'thupi tsiku lililonse. Za kusambira anati amayamba amuyesa mwana asanamulole kupita pakuya. Ndinafunsanso za tsitsi, poti la Tadala likanyowa n'kuuma lokha limapotana ngati ukonde. Pamenepo mayi woyang'anira kampuyo anavomera kuti sadziwa zambiri, ndipo ndinamukonda chifukwa chosanama. Ndinamuluka mwanayo ndekha asananyamuke.

Chimene chinandivuta ndi foni. Ana saloledwa kukhala nayo. Ndinati, nanga akapukwa? Mayiyo anati pafupifupi mwana aliyense amapukwa masiku oyamba, ndipo akamva mawu a mayi ake kupukwako kumayambiranso. Anati iwo ndiwo adzandiimbira pakakhala vuto. Ndinakumbuka mmene munandisiyira pa geti ya sekondale yogonera pompo, mukuchoka osacheuka, ine n'kumaganiza kuti mulibe chisoni. Foni inatsala kunyumba.

Kenaka mayi wina anaimika dzanja, mwamuna wake ali pambali pake, amuna ena ali tcheru, n'kufunsa mokweza kuti, "Nanga mwana wanga akayamba kusamba ali komweko?" Amayi, ine nesi, amene ndimasambitsa anthu akuluakulu tsiku ndi tsiku, ndinayang'ana nsapato zanga. Woyang'anira uja anayankha mosavutika kuti zimachitika chaka chilichonse, kuti nesi ali ndi mapadi okwanira, koma chofunika n'chakuti mayi aliyense acheze ndi mwana wake asanabwere. Ndinamva bwinobwino. Mumtima ndinati Tadala akadali wamng'ono, zaka khumi ndi ziwiri zokha, tidzakamba akabwerako. Ndinamulongedzera tochi, mankhwala a udzudzu, mafuta a tsitsi, ngakhale chitenje chanu chobiriwira chija kuti azifunda. Mawu okha ndiwo sindinalongedze.

Inu mukudziwa chifukwa chake. Kwathu mayi salanga mwana wake wa m'mimba. Ine nditakula, munangondiyang'ana m'mawa uja n'kundituma kwa azakhali a Nabanda ndi kambale kopanda kanthu, ndipo iwo ndiwo ananditsekera m'nyumba n'kundiuza zonse. Ine ndi inu sitinakambepo nkhaniyi mpaka munapita. Ndipo za Tadala tinapangana kale. Munati, "Ameneyo ndi wanga. Ndidzabwera ndekha kudzamulanga, iwe usadzaikepo pakamwa." Tinkayembekeza kuti mubwera chaka chino. Matenda anatsogola. Ine ndinalira imfa yanu, koma sindinaganize kuti ntchito imene munaisenza yagwa pansi ndipo palibe waitola.

Sabata yatha, ndili pa nthawi yopuma ku ntchito, foni inalira. Anali woyang'anira uja. Anayamba ndi kunena kuti Tadala sakudwala. Kenaka anati pali zinthu zimene sakuzimvetsa. Mwana amene masiku oyamba ankathamangira m'madzi wasiya kusambira. Akuyenda atamanga juzi m'chiuno dzuwa likuswa mtengo. Ndipo dzulo lake, gulu lake likuphika pamoto, atamupatsa mchere kuti athire mumphika anabisa manja kumbuyo n'kuyamba kulira. Nesi anamufunsa ngati wayamba kusamba, iye anapukusa mutu. Mayiyo anandifunsa mwaulemu ngati chipembedzo chathu chimaletsa mchere.

Ndinakhala pansi, Amayi. Mchere umenewo ndinaudziwa mwini wake. Ndani wina akanauza mwana wobadwira ku Maryland kuti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo?

Ndinaimbira Mayi Tembo, mnzanga wa ku tchalitchi uja wa ku Zambia amene munkacheza naye pa foni, amene amasamalira nkhalamba ina ku Fairfax. Ndinawapempha kuti apite m'malo mwanu, poti ndi akulu kwa ine. Anandidula ndisanamalize. "Iwe Esnati, manje ufuna nisiye mudala wanga na ndani? Na mwana ali na mantha, ufuna aone nkhope ya Mai Tembo? Kuno kulibe ambuya, kulibe azakhali. Yenda wekha." Ndinati mwambo sulola. Anati, "Mwambo unakwera ndeke na iwe? Yenda!"

Ndinapita m'mawa mwake. Tadala ndinamupeza atakhala pa benchi pansi pa mtengo, anzake akufuula m'madzi. Atandiona sanathamange. Anangoti, "Mami, ndalakwa chiyani?" Ndinakhala pambali pake. Ndinayamba kukamba za agwape. Ndinakamba za bondo la bambo ake. Iye anangondiyang'ana, kenaka n'kunena m'Chingerezi kuti, "Simunayende ulendo wonsewu chifukwa cha agwape."

Ndinati, "Wakula, eti mwanangu?"

Analira kulira kumene sanalire pa maliro anu. Atatonthola anafotokoza, ndipo anayesetsa kunena m'Chichewa chake chothyokathyoka chija, ndikuganiza chifukwa mawuwo anawalandira m'Chichewa. "Agogo anati ndikaona magazi ndisauze inu. Anati ndiuze iwo first. Anati ndisathire mchere, anthu atupa." Kenaka Chichewa chinamuthera, n'kumaliza m'Chingerezi: "Ndiye ndikanauza ndani? Agogo kulibe. Ndipo sindinkafuna kuti anzanga adwale chifukwa cha ine."

Kani munali mutayamba kale, Amayi, pa mafoni a Lamulungu aja ine ndili kukhitchini. Munamupatsa chiyambi, zotsalazo mukusungira tsiku lodzakhala naye pa mphasa. Mwanayo anasunga chiyambicho ngati dzira. Za kusukulu anazidziwa, amawaphunzitsa ndi zithunzi zomwe. Koma lamulo lanu linali lolemera kuposa buku. Masiku onsewo ankapinda mapepala a m'chimbudzi, n'kumachapa zovala zake mobisa, nesi ali pafupi ndi kabati yodzaza mapadi. Izi ndi zimene zikundiwawa. Sindikukuimbani mlandu. Inu simunadziwe kuti mupita. Ine ndinadziwa kuti mwapita, ndipo ndinamva ndi makutu anga mayi uja akutiuza kuti ticheze ndi ana athu.

Pa benchi pomwepo ndinaikapo pakamwa pamene munandiletsa. Ndinamuuza zonse, za thupi, za masiku, za kupweteka kwa m'mimba ndi chochita nako. Poyamba mawu ankatuluka ngati a kuchipatala, mpaka iye anati, "Mami, sindine peshenti wanu." Tinaseka, ndipo kuyambira pamenepo zinapepuka. Za mchere ndinavutika nazo. Sindikanamuuza kuti agogo ake ananama, komanso sindikanamusiya akukhulupirira kuti dzanja lake lingadwalitse munthu. Ndinamuuza kuti palibe amene angatupe. Ndinati mmene ndikuonera ine, kumudzi mkazi sakanatha kunena ndi pakamwa kuti ali kumwezi, ndiye akaitana mwana kuti adzathire mchere, akazi anzake ankadziwa okha n'kumupeputsira ntchito. Kaya ndi zoona, kaya ndangokukonzerani, mudzandiuza tikadzakumana. Iye anaganiza pang'ono n'kuti, "Ndiye zinagwira ntchito. Inu munadziwa."

Tinapita limodzi kwa nesi. Ndinamufunsa Tadala ngati akufuna kubwerera nane kunyumba, ndipo kunena zoona mtima wanga unkafuna avomere. Anakana. Anati kwatsala ulendo wa pa bwato ndipo gulu lake likumudalira. Pondiperekeza ku galimoto anandigwira mkono n'kufunsa kuti, "Kodi agogo tingawauzebe? Anati iwo ndi oyamba." Ndinati tingathe. Anati, "Muwauze inu. Chichewa changa adzaseka." Ndinamuuza kuti munkaseka chifukwa chokondwa, koma anaumirira. Pochoka ndinayesa kuchita ngati inu pa geti paja, osacheuka. Ndinalephera. Ndinacheuka, koma iye anali atathamangira kale kwa anzake, chitenje chanu chili m'chiuno m'malo mwa juzi ija.

Ndiye uthenga wake ndi umenewu, Amayi, ndipo ndagwada pounena. Mdzukulu wanu Tadala wakula. Anasunga mawu anu onse, sanaphonye ngakhale amodzi. Akanakhala kwathu mukanalulutira mpaka a Nabanda akanamva kutsidya kwa dambo. Kuno kunalibe wolulutira. Ndinayesa ndekha m'galimoto, mawindo otseka, koma mawu anandithera pakati.

Pepani kuti ndalowa m'munda wanu. Pepaninso kuti ndinachedwa kulowamo, mwana n'kuvutika yekha pakati pa alendo. Ndikulonjeza kuti zimene munasiya ndizimaliza ine, ndi pakamwa pangapa, ngakhale manyazi andigwire chotani. Ndipo tikadzabwera kudzamanga chiliza chanu sindidzabweranso ndekha. Ndidzabwera naye, adzaime kumutu kwa manda anu, adzakuuzeni yekha m'Chichewa chake chomwecho. Mukafuna kuseka mudzaseke.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani.

Ine mwana wanu,
Esnati