Mayi Wosadziwika wa pa Tepi ya ku Kurasini

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno tilipo. Mvula yaikulu ija yadula, ija anthu a kuno amaitcha masika, imene inu munkaseka nayo kuti, "Mvula ikakhala masika, ndiye akolola liti?" Madzi analowa mpaka pakhonde monga mwa chaka ndi chaka, koma denga lapirira. Chinangwa chanu cha kuseri kwa nyumba chabereka bwino, ngakhale masamba ake amayera ndi fumbi la malole opita kudoko, moti chigwada timachita kuchitsuka kawiri. Mango a chaka chino anadyedwa ndi ana a oyandikana nawo asanapse. Sindinawakalipire, poti inunso simunkawakalipira.

Apongozi anu, akazi a achimwene Wilisoni, anachira. Ndi mwana wamkazi, wamphumphu, wa mphuno yanu yeniyeni. Akakwiya amakwinya pachipumi ngati mmene munkachitira wina akawonjeza mchere m'ndiwo. Achimwene akadali pa lole yawo, kunyamula katundu wa ku Malawi, ndipo mimba yakula moti chiwongolero chimawagunda pamchombo.

Tauni ino simungaizindikire. Sopo ndi shuga, zija tinkaimira foleni, mzere wautali uja, kuyambira mbandakucha, zadzaza m'masitolo. Mitumba ya zovala za kaunjika ili pangodya iliyonse ndipo madaladala, timabasi tija, achuluka ngati nyerere. Koma ntchito za boma zikutha, ndipo ndimakumbukira mawu anu aja akuti, "Sitolo ikadzaza, yang'ana m'thumba."

Chimene chandikhazika pansi kuti ndikulembereni ndi nkhani ya kuntchito kwanga, ku Taasisi kuja kumene amafufuza za zilankhulo, nyimbo ndi miyambo, kumene inu munkati ndi sukulu yopanda ana. Thandizo la boma litachepa, anzathu ambiri anawapumitsa ntchito, ndipo akuluakulu anagwirizana zobwereketsa chipinda chapansi kwa kampani ina yoombola katundu padoko. Koma m'chipinda chimenecho ndi mmene munali mbiri yonse ya Taasisi: mapepala a ofufuza, zithunzi, ndi matepi akuluakulu ozungulira ngati mbale, amene anyamata ophunzira anajambula akuyenda m'midzi ndi makina kumsana, dziko lino litangolandira ufulu.

Abwana athu, a Profesa, ndi mayi wodekha wochokera ku Moshi. Anandiitana n'kundiuza kuti, "Felesiya, m'mwamba muno malo ndi ochepa. Iwe ndi Mzee Hamisi mukatsegule, muone zimene zingapulumuke. Chilichonse chikhale ndi nambala yake ndi khadi lake. Zimene sitingadziwe kuti n'chiyani, zidikire pomalizira." Onse tinamva tanthauzo la pomalizira.

Amayi, titatsegula chitseko chija tinabwerera m'mbuyo. Fungo lake linali ngati la viniga wosakaniza ndi chinyezi. Makatoni apansi anali atachita chuku, ndipo chiswe chinali chitamanga misewu yake kukwera khoma mpaka m'mashelefu. Mapepala ena ukawagwira ankangoyoyoka ngati chikondamoyo chouma. Ine ndinayesa kuti zonse zatha. Koma Mzee Hamisi, amene wakhala akukonza makina a Taasisi kuyambira ali mnyamata, anangopinda malaya. Anapukuta makina akale oliza matepi, lamba wake woduka anamusinthitsa ndi mphira yodula ku chubu cha lole, n'kuikapo tepi yoyamba.

Kunamveka phokoso ngati la mvula ikubwera kutali. Kenaka munthu anatsokomola. Anali mkulu wina wachimuna, ndipo anapereka moni m'chilankhulo chimene tonse sitinachidziwe. Mukhulupirire, Amayi, tonse awiri tinapezeka taimirira, ngati mmene umachitira wamkulu akalowa m'nyumba. Munthu amene mafupa ake mwina anasanduka dothi kalekale, anali kupuma m'chipinda momwemo, kumeza malovu, kusankha mawu.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito inasiya kukhala ntchito. Tinkanyamula makatoni kukwera nawo m'mwamba, kupukuta tepi iliyonse ndi kansalu kofewa, kuimvetsera, n'kuikopera pa kaseti. Ine ndinkalemba makadi: chilankhulo, malo, mtundu wa nyimbo, dzina la woimba ngati lilipo. Ndamva asodzi akukoka khoka, amayi akulira maliro, abusa akuitana ng'ombe iliyonse ndi dzina lake, ana akuseka ataona makina. Madzulo ndikamakwera daladala ndinkayang'ana anthu opanikizana aja n'kumaganiza kuti aliyense wanyamula mawu amene tsiku lina adzazima, ndipo ndi ochepa okha amene mwayi unawagwera kuti wina awatole.

Katoni ina chiswe chinadya malembo ake onse, n'kusiyako liwu limodzi lokha: Wanyasa. A Profesa anati, "Awa ndi anthu akwanu, uwathandize ndiwe." Pa tepi ina ya m'katonimo ndinamva munsi ukugunda mumtondo, ndipo mtsikana wa mawu okwera, akuthwa ngati kansengwa katsopano, anayamba kuimba:

Sitima yalira padoko,
yatenga thonje, yatenga khonje,
ine yandisiya ndi munsi m'manja.

Ankaimba akuseka, ngati akunyogodola sitimayo. Ndinaikonda nyimboyo, moti ndinaibwereza kangapo ndipo ndinkaing'ung'udza potsuka mbale. Pakhadi ndinalemba kuti: Chinyanja, nyimbo ya pamtondo, mayi wosadziwika.

Kumapeto kwa tepi yomweyo kunali nyimbo za Chiyao, chimene ine ndimangomva patalipatali. Ndiye ndinapita ku Ilala kukatenga mnzanu wa ponda apa nane ndipondepo, Abiti Ndala. Akadagulitsabe vitumbua pakhomo pawo, koma maondo awavuta. Anakwera masitepe a ku Taasisi akupumira panjira, akudandaula kuti anthu ophunzira amakonda kukhala pafupi ndi mitambo. Tinawapatsa mpando ndi kapu ya chai. Mzee Hamisi, mwa chizolowezi chawo, anayambira tepi pachiyambi.

Munsi utangogunda, Abiti anaika kapu pansi. Mtsikana uja atamaliza mzere woyamba, anakweza dzanja.

"Imitsani! Bwezerani pomwe wayambirapo."

Mzee Hamisi anabwezera. Abiti anamvetsera atagwira pakamwa ndi nsonga ya mtandio wawo wofunda kumutu, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Felesiya, pakapepala kako walemba kuti ameneyu ndani?"

"Wosadziwika, amayi."

"Yarabi! Mwana wopanda makutu iwe! Ameneyu ndi Nachisale. Ndi mayi ako awa!"

Ndinatsutsa, Amayi. Ndinati mayi anga mawu awo anali aakulu, osasa, ndipo sindinawamvepo akuimba china kupatula nyimbo za m'buku, nazonso chapansipansi. Abiti anapukusa mutu.

"Iwe unawapeza utsi wa makala utawadya kale pakhosi, bambo ako atapita kale. Ine ndinawadziwa atangokwatiwa dzulodzulo, tikukhala bwalo limodzi ku Kurasini. Akayamba kusinja, amuna opita kudoko ankachedwa ntchito."

Ndipo anatifotokozera za tsikulo. Akuti kunabwera mnyamata wa ku yunivesite, wa magalasi, atatuluka thukuta ndi makina ake. Inu poyamba munakana, munati, "Mawu anga mukawatsekera m'bokosimo, ine mawa ndilankhula ndi chiyani?" Bwalo lonse linafa ndi kuseka, ndipo pamapeto pake munavomera.

Nyimbo itatha pa tepi paja, pamamveka khanda likulira. Mbali imeneyo ndinali nditaimva kale, ndipo pakhadi ndinali nditalemba kuti palibe kanthu. Koma tsiku limenelo ndinatchera khutu ngati munthu amene wangopatsidwa makutu kumene. Munsi ukuikidwa pansi. Inu mukunena m'Chiswahili chanu chothyokathyoka kuti, "Ngoja, baba, mwana anyonye," kumuuza kuti adikire mwana ayamwe. Ndipo mnyamata uja, kaya anaiwala kaya anachita dala, sanazimitse makina.

Amayi, kwa nthawi yaitali palibe amene akulankhula. Kukumveka khanda likumeza mkaka, gudyu, gudyu, likupumira m'mphuno. Nkhuku ikuitana anapiye. Kutali sitima ikulira, yeniyeni. Wina akusesa. Inu mukung'ung'udza kanyimbo kopanda mawu, kenaka mukumenya ntchentche pamwendo, phaa! Basi. Masana wamba a tsiku limene palibe analiwerengera, ine ndisanabadwe, bambo ali moyo, ali kuntchito, akuyembekezeka kubwera madzulo.

"Wosesayo ndine," anatero Abiti, misozi ikutsikira m'makwinya. "Ndipo mbuzi ikuyamwayo ndi Wilisoni."

Sindikudziwa kuti ndinakhala pansi nthawi yanji. Ndimangokumbukira kuti Mzee Hamisi anavula kofia yawo kumutu, n'kunena chapansipansi kuti, "Pole, mwanangu," ngati maliro achitika kumene. Koma sichinali chisoni chokha. Chinali ngati mantha aja amakugwira ukayang'ana m'chitsime chakuya n'kuona thambo lili pansi.

Vuto linabwera mawa lake. Makaseti amene tinali nawo anali ochepa, ndiye lamulo linali lakuti pokopera tizidula mbali zonse zopanda nyimbo kapena nkhani. Mzee Hamisi anandiuza mwaulemu kuti tepi yakaleyo yayamba kumatirira, mwina silira kawiri kapena katatu kenanso, ndipo pa kaseti padzalowa nyimbo zokha. Anati akandichitira ine ndekha chifundo, nanga amayi a anthu ena amene anawadula kale aja?

Ndinapita kwa a Profesa. Sindinadziwe kuti ndipempha bwanji malo osungira nkhuku ndi tsache. Nditawafotokozera, iwo anangonyamuka n'kubwera kudzamva okha. Anakhala atatseka maso mpaka khanda lija litakhuta. Kenaka anafunsa Abiti, amene anali atabweranso kudzamaliza za Chiyao zija, kuti bwalolo linali pati. Abiti anati pamene lero pali mpanda wa makontena.

A Profesa anati, "Za nyimbo tinalemba mabuku. Koma mmene masana ankamvekera pabwalo la Anyasa, palibe analemba, ndipo bwalolo kulibe. Hamisi, kuyambira lero tisadulenso chilichonse. Zimene tinadula, ngati matepi ake akulirabe, tibwereze."

Mzee Hamisi anafunsa kuti nanga makaseti achokera kuti, ndipo matepi odikira tiwaika pati, poti a kampani akufuna chipinda chawo. A Profesa anati za makaseti akapempha okha, ngakhale kugogoda khomo ndi khomo. Za malo, anatulutsa desiki lawo mu ofesi n'kuliika pakhonde. Mpaka lero mkulu wa Taasisi amalandirira alendo pakhonde, mphepo ikuulutsa mapepala, pamene mu ofesi mwawo mwadzaza makatoni, ndi aja omwe a pomalizira.

Achimwene atabwera ku ulendo ndinawatengera kuntchito osawauza chifukwa. Nyimbo anaimvetsera akugwedeza mutu, osazindikira kanthu, ndipo zimenezo zinanditonthozako. Nditawauza, anati ndikunama. Khanda litayamba kulira anaseka kuti, "Ameneyo si ine, ine sindinalirepo ngati mphaka." Koma kumeza kuja kutayamba, kuseka kunatha. Chimunthu chonse chija, cha imvi m'ndevu, chinaimirira n'kukayang'ana pawindo, msana uli kwa ife. Patapita nthawi anafunsa osatembenuka kuti, "Kanyimbo kameneko ankaimbira ine?" Ndinati panalibenso wina pamiyendo panu. Tsopano ndimawamva akukang'ung'udzira mwana wawo, molakwitsa, koma sindiwakonza.

Khadi lija ndinalembanso. Ndinaika dzina lanu lonse, la ubatizo ndi la mfunda, mudzi wanu wa ku Dedza, ndi dzina la Abiti ngati mboni. Ndinawononga makadi awiri ndisanalembe bwino. Koma ndikayang'ana m'kabati ndimaona makadi ena ambirimbiri olembedwa kuti wosadziwika, ndipo tsopano ndikudziwa kuti aliyense wa iwo ndi mayi wa munthu, bambo wa munthu, amene mwina akudutsa pamsewu panja pomwepa. A Profesa andilola kuti Loweruka ndizinyamula kawailesi ka kaseti n'kumayendera achikulire a ku Kurasini, ku Ilala ndi ku Sinza. Ena awazindikira kale. Agogo ena ku Sinza anamva mawu a mchimwene wawo amene anamira panyanja, ndipo anayankha moni wake.

Pali zimene ndikanakonda kukufunsani. Bwanji simunatiuzepo kuti munkaimba chonchi? Kodi munaiwala za mnyamata wa magalasi uja, kapena munkakumbukira n'kumangosunga mumtima? Ndinkayesa kuti ndimakudziwani kuyambira kumutu mpaka kuphazi, chonsecho ndinangodziwa theka lotsiriza. Mtsikana woseka sitima uja ndi wamng'ono kuposa ine lero. Nthawi zina ndikamamumvetsera ndimafuna kumuchenjeza za zimene zikubwera, koma iye akungosinja, alibe nazo ntchito, ndipo ndimamusiya asangalale.

Ndikulonjezani chinthu chimodzi. Misewu ikauma bwino ndikwera lole ya achimwene mpaka ku Dedza, kwa mng'ono wanu, amayi aang'ono a Nelesi, amene munasiyana nawo ali kamtsikana ndipo simunaonanenso. Akuti maso awo achita khungu koma makutu ali bwino. Ndikawayalira mphasa, ndikaika kawailesi pafupi nawo, ndipo sindikawauza kuti woimbayo ndani. Ndikangokhala phee, kuyang'ana nkhope yawo.

Mupereke moni kwa bambo. Muwauze kuti tsiku lija ali kudoko, kunyumba kunali mtendere.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya